Telala Amene Anabwereka Makutu

M'nyumba mwa a Telala munali chinthu chimodzi chimene munthu sankachikhudza mwachisawawa: zoimbira za pabalaza. Pashelefu yapansi pankakhala ampulifaya yolemera ngati njerwa zinayi, imene anagula akadali mnyamata wopanda imvi. Mbali iyi ndi iyo kunali masipika awiri ofika m'chiuno, ndipo pamwamba penipeni pankakhala puleya ya ma CD. Akazi awo ankaloledwa kupukuta fumbi, koma osasuntha waya ngakhale umodzi. Ana anakulira m'nyumbamo mpaka kukamanga mabanja awo, popanda ndi mmodzi yemwe woyesa kuika kapu ya tiyi pamwamba pa sipika.

Lamlungu lililonse masana, mbale zikatsukidwa, a Telala ankasankha chimbale, kuchipukuta ndi kansalu kofewa kotsala ku shopu, n'kukhala pampando miyendo ili pa kasitulu. Akazi awo ankakhala cha pawindo ndi zoluka zawo. Sankalankhulana zambiri. Sanali anthu olemera, koma pa ola limenelo sankasirira munthu aliyense.

Puleyayo inawatumikira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kenako inatopa monga zimatopera zinthu zonse. Inayamba ndi kudumpha nyimbo, n'kubwera pa chibwibwi, ndipo tsiku lina kathireyi kake kanatuluka n'kukana kubwerera, kangokhala panja ngati lilime la mwana wamwano. Wokonza mawailesi anaitsegula, kusuzumira m'kati, n'kupukusa mutu. Anati zipangizo za mtundu umenewo zinasiya kupezeka kalekale, ndipo anaibweza ndi manja awiri ngati munthu wopepesa maliro.

Zikanathera pomwepo, ina n'kudzagulidwa mosathamanga, pakanapanda uthenga umene unafika pafoni ya akazi awo sabata yomweyo. Unachokera kwa achemwali awo aakulu, amene ankakhala kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Awiriwa anaimba kwaya imodzi kuyambira ali atsikana mpaka ali ndi ana, wamkulu akutsogolera, wamng'ono akuyankha ndi mawu apansi. Chaka chimodzi m'mbuyomo wamkuluyo anachitidwa opaleshoni ya pakhosi. Moyo unapulumuka, koma mawu anatsala kuchipatala. Tsopano ankangonong'ona, ndipo ankakonda kulemba kusiyana ndi kuimba foni. Uthengawo unali waufupi: "Ndikubwera Loweruka. Ndikufuna ndidzamve chimbale chija. Ndayamba kuiwala mmene ndinkamvekera."

Chimbale chimenecho sichinali chogula m'sitolo. Kwayayo inachijambulitsa zaka zoposa makumi awiri zapitazo mu kasitudiyo ka munthu wina kuseri kwa msika, ndipo woimba aliyense analandira chake, chopanda chithunzi, mayina a nyimbo atalembedwa pamanja ndi cholembera chakuda. Za anzawo zina zinasweka, zina zinasowa posamuka, situdiyoyo n'kusanduka malo ogulitsira matayala. Chinatsala chimodzi chokha, cha amayiwa, ndipo ankachisunga m'kabati pansi pa zovala. Mwana wawo wamwamuna anali atalonjeza kuti adzachikopera pa kompyuta, ndipo lonjezolo linali litakwanitsa zaka zitatu.

A Telala anawerenga uthengawo kawiri. Alamu awowo ankawakonda, ndipo mtima unawawawa.

"Muwayankhe kuti adzachimva," anatero. "Ndanena ine."

Pa nkhani ya mtengo anali atalingalira kale. Sankafuna puleya yotchipa yoti ife chaka chisanathe, komanso sankafuna yodula yoti agulitsire makina osokera. Ankafuna yapakatikati, yolimba, yofanana ndi suti yabwino ya munthu wamba. Pamenepo anali ndi nzeru, tisawalande. Pamene panavuta ndi pa funso loti akasankhe ndani.

Lolemba m'mawa, akumwa tiyi, amayiwo anati, "Abambo, tiyeni tipite limodzi lero ku sitolo ya zoimbira ija. Titenge chimbalecho, tikachimvere komweko."

"Lero? Amayi, masuti asanu ndi imodzi a ukwati akundidikira. Eni ake akubwera Lachisanu madzulo."

"Ndi maola awiri okha."

"Maola awiri ndi manja awiri a jekete. Zaka makumi atatu sindinatsekepo shopu tsiku la ntchito, ndiyambe lero?"

"Ndiye ndipatseni ndalamazo ndipite ndekha."

A Telala anaseka, kuseka kwa munthu amene sakudziwa kuti akuponda pa moto. "Inu ndi mawaya? Angakugulitseni chophikira mpunga, inu n'kubwera nacho mukumwetulira. Musadandaule, ndili ndi munthu."

Amayiwo anaimirira. Anangotolera makapu, ndipo amene anakhalapo pa banja akudziwa kuti makapu otoleredwa mwa mtundu umenewo amanena zambiri.

Munthu amene ankamunenayo anali wometa wa shopu yoyandikana ndi yawo, amene msewu wonse unkamutcha a Lumo. Khoma la shopu ziwirizo linali limodzi, ndipo ubwenzi wawo unali wakale ngati khomalo. A Lumo anali munthu wa mtima wabwino, wosachedwa kuthandiza, koma pakamwa pawo panali posapuma. Palibe chimene sankachidziwa: za mpira, za injini za galimoto, za matenda a nkhuku. Kasitomala wokhala pampando wawo ankachoka tsitsi litachepa, mutu utadzaza. Chimene a Telala sanachiganizire n'chakuti bwenzi lawoli linali litatha zaka makumi awiri makina ometera akulira pafupi ndi khutu, chisipika cha m'shopu chikugunda kumsana. Kuti a Lumo amve nkhani, inkafunika kunenedwa kawiri.

"Puleya?" anatero a Lumo atamva kachiwiri. "Achimwene, mwafika pa mwini wake. Mawa m'mawa kulibe makasitomala, ndikakumvererani ine. Inu zingosokani."

"Mwaona," anatero a Telala madzulo ake kunyumba. "Mutu umodzi susenza denga. Mundipatse chimbale chija a Lumo apite nacho."

"Chimbale chimenecho sichichoka m'manja mwanga," anatero amayiwo. "Munthu amene anataya makiyi a shopu yake kawiri mwezi umodzi ndimupatse mawu a achemwali anga?"

"Chabwino, chikhale. Chimbale ndi chimbale, zonse n'zozungulira."

Lachiwiri cha m'ma leveni koloko a Lumo analowa m'shopu ya a Telala atasenza katoni yaikulu, thukuta lili kamukamu, nkhope ikuwala ngati munthu wobwera ku nkhondo atapambana. Anaitsitsa pa tebulo lodulira nsalu, pamwamba penipeni pa thalauza la mkwati.

"Achimwene, kumeneko ndiye kumalo! Kapeti yake phazi limachita kumira. Anandikhazika pa sofa, kundipatsa tiyi, wa mkaka. Pakhoma pali chithunzi cha gitala chachikulu ngati chitseko."

"Nanga puleya?" anafunsa a Telala, mapini ali kukamwa.

"Ndikubwera komweko. Zinalipo zingapo za mtengo umene munanena. Zina zakuda bii, zosasangalatsa, ngati mabokosi a mita ya magetsi. Koma iyi! Kumaso kwake mungametere ndevu. Mukaiyatsa imawala buluu, mukaika chimbale imasintha kukhala yofiirira. Rimoti yake ndinawerenga ndekha, mabatani makumi anayi ndi awiri."

"Mawu ake?"

"Mwati?"

"Ndati mawu ake akumveka bwanji!"

"Aa, mawu! Ndinawauza akweze, anakweza. Thalauza langali linachita kunjenjemera. Mayi wogulitsayo amafuna kundifunsa mafunso ambirimbiri, ine ndinati mayi, musandiphunzitse ntchito."

A Telala anakhutira. Madzulo anainyamula kupita nayo kunyumba, kulumikiza mawaya mosamala, n'kuika chimbale chawo cha magitala chogula m'sitolo. Chinaimba. Magetsi abuluu anadzaza pabalaza, ndipo iwo anayang'ana akazi awo ndi diso loti, ndinakuuzani.

"Yesaniko changa chija," anatero amayiwo.

"Chimodzi chokhacho? Tisachitopetse. Tidzachiika Loweruka alamu ali pompano, chidzakome."

M'mawa mwake anatenga katoni ija kupita nayo ku shopu. Telala akaona katoni yolimba, yosalala, saona katoni, amaona mapatani odulira zovala. Pofika masana anali atadulamo patani ya kolala ndi ya thumba la jekete, akuyamikira kuti makatoni a masiku ano ndi abwino kuposa akale.

Lachinayi masana amayiwo anaswa lamulo la zaka makumi atatu. Anatulutsa chimbale chawo m'kabati, kuyatsa ampulifaya, kuyatsa puleya, n'kuchiika okha. Pamene a Telala ankafika dzuwa likupendeka, anawapeza atakhala pa kasitulu patsogolo pa zoimbirazo, manja ali pamiyendo.

"Mwakhudza mawaya?"

"Sindinakhudze waya. Dinani apo muone."

Anadina. Chimbale chinazungulira, kulira pang'ono ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, n'kuima. Kagalasi kanalemba kuti mulibe chimbale. Anachitulutsa, kuchipukuta, kuchibwezera. Chimodzimodzi. Anayesa mabatani a pa rimoti limodzilimodzi, ena anasintha mtundu wa magetsi, ena sanachite kalikonse. Anaika chimbale cha magitala, chinaimba bwinobwino. Anabwezera cha kwaya, zii.

"Ndiye kuti chimbale chanuchi n'chimene chafa," anatero, koma mawu awo analibe mphamvu.

"Chinaimba mwezi watha pa puleya yokalamba, ya chibwibwi. Chafera mu yatsopano?" Amayiwo anachitenga n'kuchibwezera m'kachikwama kake. "Achemwali agula kale tikiti. Andilembera kuti akhala akuwerenga masiku. Ndiwauze chiyani, abambo? Kuti adzaone magetsi?"

A Telala anagwira njakata. Madzulo amenewo anasowa mtendere, osati chifukwa cha mkwiyo wa akazi awo, koma chifukwa choganiza za munthu wokwera basi tsiku lathunthu kudzamva mawu ake omwe, n'kudzapeza chete. Iwo ndi amene ananena kuti adzachimva.

Koma khosi louma silifewa tsiku limodzi. M'malo movomera, anaimbira foni a Lumo, ndipo Lachisanu m'mamawa a Lumo anagogoda pakhomo ali ndi chubu cha mankhwala otsukira mano m'dzanja limodzi, kathaulo ka kometera m'dzanja linalo.

"Alamu, musade nkhawa," anauza amayiwo. "Vuto ndi timikwingwirima tosaoneka ndi maso. Timapaka mankhwalawa, kukhula mozungulira, kutsuka, basi. Msuweni wa kasitomala wanga wina anachita zomwezo."

"Chinaimba?"

"Mwati?"

"Ndati chimbale cha msuweniyo chinaimba?"

"Sindinafunse, koma ayenera kuti chinaimba."

Amayiwo anaima pakhomo, chimbale chili pachifuwa. Sanakalipe. Anathokoza a Lumo chifukwa cha kudzuka m'mawa, anawauza kuti mankhwalawo akatsukire mano, kenako anatembenukira kwa amuna awo.

"A Telala, ndikufunseni za ntchito yanu. Atabwera munthu ku shopu n'kunena kuti, mnzanga akufuna suti koma watanganidwa, ndiye muyeze ine m'malo mwake, inu mungadule nsalu?"

"Ndingamuthamangitse."

"Chifukwa?"

"Chifukwa suti imavalidwa ndi mwini thupi. Mapewa a wina si..."

Sanamalize. Anayang'ana a Lumo, amene anali atapendeketsa mutu kuti amve bwino zimene zikunenedwa, ndipo manyazi anawagwira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Analowa m'nyumba, kuzula mawaya a puleya yowala ija, n'kupempha a Lumo kuti akalembe pa chitseko cha shopu kuti telala wachokapo. Iwo ndi akazi awo anadzera ku shopuko kukatenga katoni, ndipo pamene ankaitulutsa pansi pa tebulo, akazi awo anaiyang'ana, n'kuyang'ananso iwo.

Sitolo ya zoimbira inali pamwamba pa nyumba ya nsanjika, pamasitepe opapatiza. Wogulitsa anali mayi wa msinkhu wa akazi awo, wa magalasi otsikira pamphuno. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Kenako ananyamula katoni ija, kuikweza m'mwamba, n'kuwasuzumira a Telala kudzera pa bowo lalikulu lopindika.

"Bambo, iyi ndi kolala?"

"Ya jekete," anayankha a Telala motsitsa mawu. "Linalo ndi thumba."

Mayiyo anaseka mpaka kuvula magalasi. Atapukuta misozi anati, "Pa lisiti panu tinalemba kuti katundu amabwezedwa pasanathe masiku asanu ndi awiri, katoni ili yathunthu. Ndikuona kuti lisitilo simunaliwerenge."

A Telala anavomera kuti lisitilo linali likadali m'thumba la a Lumo.

"Ndikuwakumbuka bambo amenewo. Ndinawafunsa kuti kunyumba kuli zimbale za mtundu wanji, anati zonse. Ndinafunsa za ampulifaya, anati yaikulu. Anamvera theka la nyimbo, n'kuloza yowala kwambiri." Anaika katoniyo pansi. "Tichite chonchi. Puleya yowalayi ndiyiika pashelefu yoonetsera, kumene katoni sifunika. Inunso imene musankhe mutenga ya pashelefu, yopanda katoni. Puleya imeneyi si yoipa, koma si yanu."

Anawafotokozera mwachidule kuti zimbale zojambulidwa pa kompyuta zimazilala ndi zaka, ndipo diso la makina ena silithanso kuziwerenga pamene la ena limatha. Mtengo sunena, maonekedwe sanena. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kuika chimbalecho n'kumvera. Anafunsa za ampulifaya ndi masipika a kunyumba, ndipo apa a Telala anayankha mokoma, mpaka chaka chimene anagula. Mayiyo analumikiza zofanana nazo m'kachipinda komverera, kuika mapuleya atatu a mtengo wapakatikati pa tebulo, n'kuwakhazika awiriwo pa sofa.

Yoyamba inazungulitsa chimbale, kuganiza, n'kukana monga inakanira inzake ija. Amayiwo anapumira m'mwamba. Yachiwiri inachilandira msanga, ndipo kwaya itayamba amayiwo anagwira mkono wa amuna awo. Nyimbo inali yomweyo, koma mawu anali opyapyala, akuthwa, ngati akuchokera m'chitini. Yachitatu inali imodzi mwa zakuda zija, ya mabatani asanu okha ndi kagalasi kakang'ono, ndipo a Telala anali atainyoza kale mumtima poiona. Inatenga nthawi yake. Chimbale chinazungulira, kuzungulira, mpaka iwo anayamba kudzuka kuti anene kuti nayonso yakana. Ndiye nyimbo isanayambe, m'chipindamo munamveka munthu akukoka mpweya.

"Ndi iwowo," ananong'ona amayiwo. "Ankapuma choncho asanayambe."

Mawu anabwera odzaza, ofunda, ataima pakati penipeni pa masipika ngati mwini wake walowa pakhomo. Pambuyo pake panabwera mawu apansi oyankha, ndipo a Telala anawazindikira. Chimbale chimenechi anali atachimva kambirimbiri, koma pa puleya yokalamba ija mawu a akazi awo ankamira m'gulu. Lero anawamva paokha, aang'ono, olimba mtima, a mayi wa ana awiri amene ankathamangira ku kwaya atasiya mphika pamoto kuti iwo aziyang'anira. Anayang'ana kumbali n'kuyamba kufunafuna kansalu m'thumba.

"Mumvere mpaka kumapeto," anatero wogulitsayo. "Zimbale zotere zimakonda kuvuta pa nyimbo zomaliza."

Anamvera nyimbo zonse zisanu ndi zinayi. Shopu inali yotseka, majekete awiri analibe mabatani, koma a Telala sanayang'ane wotchi ngakhale kamodzi. Itatha yomaliza, chizolowezi chinawabwerera, natembenukira kwa wogulitsa.

"Pa ziwirizi, inu mukuona kuti yabwino ndi iti?"

"Ine sindidzakhala pabalaza panu, bambo."

A Telala anakanda mutu. Kenako anachita chimene akanachita Lolemba. "Amayi, inu mwamva bwanji?"

"Yachiwiri ija ikuimba kwaya," anatero amayiwo. "Iyi ikuimba achemwali anga."

"Inenso ndamva chomwecho," anatero a Telala, ndipo nthawi ino zinali zoona.

Asanachoke, wogulitsayo anapempha chimbalecho, kupita nacho pa kompyuta yakale ya mu ofesi yake amayiwo akumutsatira phazi ndi phazi, n'kukopera nyimbo zonse pa kafulashi. Anawaonetsa kabowo kutsogolo kwa puleya kolowetsapo fulashiyo, kuti tsiku limene chimbale chidzatope, mawu asadzapite nacho. Puleyayo anaikulunga m'nsalu ya suti imene a Telala anali nayo m'chikwama, ndipo anatsika nayo masitepe ataifungata ngati khanda.

Maola awiri amene anakana Lolemba anawalipira ndi tsiku lathunthu. Eni ukwati atabwera madzulo anapeza majekete awiri asanathe, ndipo a Telala anapepesa kwa kasitomala koyamba pa moyo wawo wa utelala. Anamva mawu owawa angapo, ena owayenera. Loweruka analawirira ku shopu tambala atangolira, kumaliza mabatani, kusita, kupereka katundu, n'kuthamangira kokwerera basi kukalandira alamu awo, amene ananyamuka dzulo lake.

Alamu awo anatsika ataonda, kansalu kopepuka kali m'khosi, koma maso ali omwe aja oseka. Kunyumba anasamba, anadya, anafunsa za ana ndi adzukulu monong'ona, ena onse atatsitsa mawu osadziwa kuti atsitsa. Za chimbale sanafunse. Ankangoyang'ana cha ku shelefu kawirikawiri, ngati munthu woopa kufunsa za wodwala.

A Telala anakoka mpando n'kuuika pakati penipeni, moyang'anana ndi masipika. "Alamu, khalani apa."

Amayiwo anaika chimbale ndi manja awo. Chinazungulira nthawi yake yaitali ija. Mlendoyo anayang'ana mng'ono wake, mng'ono wake anamugwedezera mutu kuti adikire. Kenako kunamveka kukoka mpweya kuja, ndipo mawu anadzaza nyumba.

Dzanja la mlendoyo linapita pakhosi n'kukhala pomwepo. Vesi loyamba lonse sanagwedezeke. Pa vesi lachiwiri dzanjalo linatsika pang'onopang'ono kufika pabondo, n'kuyamba kuomba kayendedwe ka nyimbo, milomo ikutsatira mawu amodziamodzi popanda phokoso. Misozi inkatsika, iye osaipukuta. Pofika poyankha, mng'ono wake sanathe kudzigwira. Anayamba kuimba mbali yake ali chiimire pafupi ndi shelefu, mawu okalamba pang'ono koma osaphonya, wamkulu akutsogolera kuchokera m'masipika, wamng'ono akuyankha m'chipinda momwemo. A Telala anakhala pa kasitulu, mtima uli mbee, osafuna china chilichonse.

Nyimbo itatha, mlendoyo ananong'ona, "Ndinali ndi mawu, eti?"

"Munali nawo, achemwali."

"Ndimayesa ndimadzinamiza." Anaseka, akulira. "Bwezerani."

Anaibwereza katatu, kenako anamvera zotsalazo mpaka dzuwa linafika pawindo la kumadzulo. Tiyi atabwera, mlendoyo analoza puleya yakudayo n'kufunsa monong'ona kuti anasankha ndani makina omveka bwino chonchi. A Telala anatsegula pakamwa kuti alandire ulemu, anaona akazi awo akuthira tiyi mwakachetechete, n'kusintha maganizo. Anafotokoza zonse mmene zinayendera, osadzichotsera mlandu ngakhale pang'ono: kuti anatsala pang'ono kuwayendetsa ulendo wa tsiku lathunthu pachabe chifukwa chotuma mnzawo kukamva m'malo mwawo.

Alamu awo anaseka kuseka kopanda mawu, mapewa akugwedezeka, mpaka anaika kapu pansi kuti tiyi asatayike. Atapuma anawakodola ndi chala. A Telala anadzuka, kugwada pambali pa mpando, n'kubweretsa khutu lawo pafupi ndi pakamwa pa mlendoyo, pakuti mawu amenewo sakanafika patali.

"Zikomo, alamu, mwandibwezera chimene ndinataya," ananong'ona. "Koma tsiku lina mudzapite nokha poyamba pomwe. Akuluakulu sananame: kandimverere anakanena za m'maluwa."